Mtovu m'Nthutumba ya Bakha

Tiyamike, mdzukulu wanga, gawo ili ndalembera iwe makamaka, ngakhale abale ako nawonso adzaliwerenga. Ukadzakula pang'ono, anthu adzakuuza kuti agogo ako aNangozo ndi mayi wopanda manyazi, amene anaima pamaso pa mkamwini wake n'kumuloza chala dzuwa likuswa mtengo. Adzakuuza akumwetulira, mwinanso akukupatsa nzimbe. Nzimbeyo udzalandire, koma mawuwo usadzameze onse. Ine ndagwira ntchito ya ziweto mpaka kupuma, ndipo ndinaphunzira kuti mwini nyama amanama koma nyama yakufa sinama. Za ubwana wanga ndizisiya, sizikuthandiza pa nkhaniyi. Ndiyambira pamene ndinagwira mpeni wa ntchito koyamba.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980: pa dibi, kufupi ndi Chongoni

Nditamaliza maphunziro a ulangizi wa ziweto, ananditumiza ku dibi lina la m'midzi yoyandikana ndi nkhalango ya Chongoni. Iwe sunalionepo dibi likugwira ntchito: ndi dzenje lalitali la simenti lodzaza madzi a mankhwala, momwe ng'ombe zimasambira kuti nkhupakupa zife. Tsiku loyamba azibambo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, wina n'kufunsa mnzake mokweza, “Adokotalawo abwera mawa, awa ndi akazi awo?” Ena ankakana kuti ndilowe m'khola, eti mkazi akalowamo ng'ombe sizibereka bwino. Ndinkangoima kunja kwa khola mpaka ng'ombe itadwala zenizeni. Ikagona pansi, mwambo uja unkaiwalika, ankandithamangira ndi kunyumba komwe.

Bwana wanga anali a Kamwendo, bambo wamtali wa njinga yamoto, amene ankabwera mafuta akapezeka. Sankakonda kuyamikira munthu, koma anandisiyira chuma chimodzi. Tsiku lina mlimi analumbira kuti mbuzi yake yafa ndi njoka. A Kamwendo anandipatsa mpeni nati, “Tsegulani.” M'mimba munali chinsalu ndi zingwe zokhazokha. Pobwerera anandiuza kuti, “ANangozo, mwini nyama mukamumvera kwambiri mudzalemba kuti ng'ombe yafa ndi mphezi kunja kuli ngwee. Mverani mwaulemu, kenako tsegulani.” Kuyambira pamenepo ndinayamba kutsegula chilichonse, ndi mawu a anthu omwe. Mankhwala a dibi ankanyamuka ku boma chigubu chili chodzaza, kufika kwathu chili pakati, aliyense wa m'njira akulumbira pa manda a mayi ake. Nthawi zina ng'ombe zinkangosamba madzi a chabe. Ndiye ukamva anthu akuti ine sindikhulupirira munthu, udziwe kuti sindinabadwe choncho.

Kumunsi kwa dibi kunali dambo lalikulu. Mvula ikagwa, m'mathamanda munkadzaza abakha akutchire ndi atsekwe, ndipo m'mawa uliwonse kunkamveka mfuti za alenje. Amayi a m'midzimo ankawetanso abakha awo, amene ankapita kukadya m'mathamanda momwemo. Chaka chilichonse ankandibweretsera abakha ofooka: mapiko olendewera, chitosi chobiriwira, chifuwa chowonda chakuthwa ngati mpeni. Iwo ankati ndi chitopa. A Kamwendo ankapukusa mutu, kuti chitopa sichikonda abakha choncho, koma poyezera tinalibe. Ndinkatsegula, kuyang'ana chiwindi, matumbo, mapapo. Koma ndikangofika pa nthutumba, dzanja la mwini linkatsogola. “Imeneyo yokha musaononge adokotala, ndi ya abambo.” Ukudziwa mwambo wathu: mbalame ikaphikidwa, nthutumba ndi ya mwini nyumba kapena mlendo wolemekezeka, ndipo mbale ikafika ilibe nthutumba ndi mlandu. Ngakhale bakha wodwala, akamuzinga asanafe yekha, ankadyedwa ndithu. Choncho nthutumba inkapita kunyumba yathunthu, mayi n'kukaing'amba kuseri, n'kutaya timiyala ta m'katimo osayang'ana. Zaka zonse za pa dibi, chiwalo chimenechi chokha cha bakha sichinafike pa mpeni wanga.

Zaka za m'ma 2000: Chimbiya

Madibi atayamba kufa anandisamutsira dera la Chimbiya, kufupi ndi mudzi wathu. Ntchito inali yoyeza nyama ya pamsika ndi kubaya katemera nkhuku, katemerayo akafika asanafunde, poti firiji inali yongoonetsa alendo. Kumeneko ndi komwe agogo ako aamuna anatisiya, ine n'kutsala ndi mwana mmodzi wamkazi, mayi ako Yasinta.

Bambo ako a Sitefano anabwera chikamwini, n'kumanga nyumba kuseri kwa yanga. Ndinene chilungamo: sankamwa mowa, ankalima mbatatesi ngati munthu wolodzedwa, ndipo ulemu wawo unali wa kalekale. Tikakumana pa njira ankapatukira patchire, n'kunjuta atatembenukira kwina, moni akupereka ngati akulankhula ndi chitsamba. Inenso ndinkasunga mbali yanga. Mpongozi sazungulira kuseri kwa nyumba ya mkamwini, salowa momwe akugwirira ntchito, ndipo mawu olemera amadzera kwa ankhoswe. Nyengo ya mvula ankapita kudambo ndi mfuti yawo ya gogodela, yopanga okha ndi paipi, yothira wonga chakukamwa. Akapha bakha, poti pakhomo panalibenso bambo wamkulu, nthutumba inkabwera kwa ine m'kambale kovundikira. Ndinkadya ndithu, ndikudzimva kulemekezeka.

Koma mayi ako mimba yoyamba inapita padera. Yachiwiri chimodzimodzi. Usafunse mmene pakhomo panakhalira. Amayi a pachitsime anayamba kunong'ona kuti mwamuna akuyenda njira ziwiri, n'chifukwa chake mimba sizikukhala. Ena ankaloza azakhali ena okalamba a kuchimuna. Ine za ufiti sindinazilabadire, koma za njira ziwirizo ndinaziika pamtima. Ndinkayang'ana nthawi imene a Sitefano abwerera kumsika, malaya amene avala, amene awapatsa moni pa siteji ya minibasi. Sindinapeze kanthu, ndipo kusapeza kanthuko kunandikwiyitsa kwambiri. Nthawi zina ndinkawaona akubwera ndi mabatire akale a galimoto pa njinga. Ndinkati ndi otchajira mafoni, poti magetsi kwathu kunalibe.

Chaka cha msonkhano wa mbalame

Ndili pafupi kupuma, bwana wathu wa pa boma, a Chisale, mnyamata wa tayi amene ndikanatha kumubereka, anandiimbira foni kuti ndipite ku Dedza ku msonkhano wa mbalame za m'madzi. Ndinafunsa, “Mbalame zakutchire zili ndi eni ake a zanyama zakutchire, ine ndikatani?” Iwo anati, “Akufuna munthu wodziwa kugwira mpeni, mayi. Enafe tingodziwa kugwira cholembera.” Nthawi imeneyo mayi ako anali ndi pakati kachitatu, mimba itayamba kuoneka. Mimba imeneyo ndiwe.

Tinakumana m'chipinda china mmunsi mwa phiri, nkhungu itaphimba mitengo ya paini, chisanu cholowa m'mafupa. Munali a zankhalango, a zanyama zakutchire, anzathu a ziweto ochokera kutsidya kwa malire ku Mozambiki, bambo wina wochokera kumadzulo kwa Afirika, ndi mayi wachizungu wa ku Ulaya wovala nsapato zamatope. Ine ndinakhala pafupi ndi chitseko, chikwama pamiyendo. Mumtima ndinkati: awa akufuna kutchinga madambo athu ndi waya, nkhani ya mbalame ndi chiphimbamaso. Anafotokoza kuti mayiko amene mbalame za m'madzi zimadutsamo anagwirizana kuti alenje asiye kugwiritsa ntchito zipolopolo za mtovu m'madambo, ayambe za chitsulo kapena zina zopanda poizoni. Eti mlenje akaomba kamodzi, tizipolopolo tambirimbiri timamwazika, tochepa tokha n'timene timalasa mbalame, totsalato timagwera m'matope n'kukhala momwemo zaka ndi zaka. Bakha pofunafuna timiyala toperera chakudya m'nthutumba amatola timeneti.

Ndinakweza dzanja. “Pepani, ndifunse. Mayi awa akwera ndege kuchokera kutali chifukwa cha bakha? Kwawo anthu odwala anatha?” A Chisale anayang'ana pansi. Womasulira anayamba kufewetsa mawu anga, koma bambo wina wa ku Mozambiki, wa imvi, dzina lake a Domingo, anaseka n'kundiyankha m'Chichewa chathu chomwechi, poti kwawo ndi kuseri kwa phiri chabe. “Mayi, funso lanu inenso ndinafunsa. Koma bakha ali ndi chiphaso? Amagona kwathu, kudya amadya kwanu. Mbalame zina zimachokera kwawo kwa mayiwa, zimangobwera kuno kudzathawa chisanu. Ife tikasiya mtovu inu osasiya, tavutika chabe. Inu mukasiya ife osasiya, bakha wodwala adzagwera m'mphika wanu ndithu.” Ndinati, “Pakamwa mwatha bwino, bambo. Ndione ndi maso.” Iwo anati, “N'chifukwa chake takuitanani.”

Masana anatitengera panja. Pa tebulo panali abakha akutchire amene anagula kwa alenje a mbali zonse ziwiri za malire. Anandipatsa mpeni. Ndinasankha ndekha, osalola kuti andilozere, ndipo ndinatenga wowonda kwambiri, wachifuwa chakuthwa ngati aja a pa dibi. Nditatulutsa nthutumba ndinaima kaye, manja akudikira kuti wina anene kuti imeneyo ndi ya abambo. Palibe ananena. Ndinaizunguza kufunafuna bala, poti ndinkati ngati muli chipolopolo ndiye chalowa ndi mfuti. Inali yosalala, yopanda ngakhale kabowo. Ndinaing'amba. Pakati pa mchenga panali timibulu totuwa, tina tozungulira, tina tophwatalala topereseka ngati ndalama yakale. A Domingo anatola kamodzi n'kukakhwekhwereza pa pepala loyera, kakusiya mzere wakuda. “Mwala sulemba, mayi,” anatero. Ndinatsegula wina, munalibe. Winanso, munali timibulu tomwe tija. Abakha onse aja a pa dibi anabwerera m'maso mwanga, mapiko ali lende, amayi akundilanda nthutumba m'manja.

Kenako mayi wachizungu uja analankhula pang'onopang'ono, womasulira akutsatira. Anati mtovu sumangothera mwa mbalame. Umalowa mwa munthu wodya nyamayo kawirikawiri, ndipo oopsezedwa kwambiri ndi ana aang'ono ndi amayi oyembekezera, chifukwa umadutsa mpaka kwa mwana ali m'mimba. A Domingo anaonjezera kuti, “Koma kwathu choopsa kuposa nyama ndi popangira. Alenje athu sagula zipolopolo m'sitolo. Amaswa mabatire akale a galimoto, kusungunula mtovu wa m'katimo pamoto, utsi ndi fumbi lake n'kumamatira paliponse. Kaya kwanu kuno a gogodela amazigula kuti?” Anandiyang'ana ine, poti ndine amene ndinali ndi pakamwa m'mawa. Mabatire a pa njinga aja! Ndipo pomwepo ndinakumbukira milomo ya mayi ako. Amayi oyembekezera ambiri amalakalaka dothi, ena la pachulu, ena la pakhoma la khitchini lofuka utsi, amati limakoma kuposa lina lililonse. Mayi ako mimba zonse zitatu milomo inkakhala mbuu. Ndikamufunsa ankati, “Ndi kadothi chabe amayi, ka kuseri.” Kuseri kumene ine, mpongozi waulemu, ndinali ndisanapondeko. Ndinakhala pansi pa udzu wonyowa, mpeni udakali m'manja. A Chisale ankati ndadwala kuthamanga magazi.

Sabata yomweyo: kuseri kwa nyumba

Ndinayamba ndi njira yake. Nditatsika minibasi ndinapita kwa achimwene anga a Bonifasi, amene ndi nkhoswe ya banja la mayi ako. Ndinawapeza akusankha mbewu ya mbatatesi. Anandimvera mpaka kumapeto, n'kuseka. “Mlongo wanga, wapita ku boma tsiku limodzi wabwera ndi matenda a azungu. Agogo athu anadya abakha mpaka mano kutha. Dothi akazi onse amadya, iwenso unadya.” Ndinati, “Ndinadya la pachulu, achimwene, osati la mabatire.” Iwo anati, “Mkamwini wonga ameneyu sapezeka kawiri. Ndikakumana ndi nkhoswe ya kuchimuna tikatha kubzala, tidzakhale pansi bwinobwino.” Ndinafunsa kuti mwana ali m'mimbayo nayenso adikire kubzala? Anandiuza kuti ndisapse mtima, mlandu suwola.

Ndinadziwa zimene zinali patsogolo panga. Ndikadikira ankhoswe, ulemu wanga utsala woyera koma mimba mwina ipitanso. Ndikapita ndekha, ndichititsa manyazi mwamuna pamudzi pa akazi ake, ndipo mkamwini wochititsidwa manyazi amanyamula khasu lake n'kumapita. Mwana wanga akhoza kutsala ndi mimba, mwamuna palibe, mlandu uli pa ine mpaka m'manda. M'mawa mwake ndinamva kugogoda kuseri. Ndinamanga chitenje, n'kuzungulira nyumba ija koyamba chiimangire.

Kunali khitchini yakale ya dothi, imene anaisiya atamanga ina. Fungo linandilandira ndisanafike, lowawa pakhosi. M'katimo bambo ako anali atanjuta pa mbaula, akupemerera makala. Pamoto panali chiwaya, m'chiwayamo mtovu wosungunuka ukunyezimira ngati madzi. Pambali panali chitini chobooledwa ndi msomali, pansi pake ndowa ya madzi: amathira mtovuwo m'chitini, n'kumadontha m'madzi timibulu. Mabatire oswedwa anali mbwee pakona. Chiwayacho ndinachizindikira, ndi chomwe nthawi zina ankakazingira mtedza. Koma chimene chinandiopsa kwambiri ndi khoma. Linali lakuda ndi mwaye, koma chapakati, pofika dzanja la munthu wokhala pansi, panali chibowo chachikulu chotuwa, mizere ya supuni ikuoneka. Pena pakale, pena patsopano. Mayi ako anali atakhala pakhomo pomwepo akusenda nyemba, kachibuma ka dothi kali pachitenje.

Bambo ako atandiona anadzidzimuka, n'kutembenukira kukhoma atagwada. “Amayi, mwasochera? Yasinta, alandire amayi, upite nawo kubwalo.”

“Sindinasochere, bambo. Tembenukani mundiyang'ane.”

“Amayi!” anakuwa mayi ako. “Mwatani kodi? Anthu akuona!”

“Aone. Taya chimene chili pachitenjecho. Taya!” Ndinachimenya ndekha ndi dzanja, chikugwera m'nyemba. Kenako ndinafotokoza zonse: nthutumba yopanda bala, mzere pa pepala, utsi womata pakhoma, mwana wa m'mimba. Bambo ako sanatembenuke. Ankayankha akuyang'ana khoma lomwelo.

“Amayi, ntchito imeneyi anandiphunzitsa ndi malume anga. Kwathu tonse tinakulira pambali pa chiwaya ngati ichi. Ndiye mukuti ana anga awiri aja ndinawapha ine?”

“Sindinati munapha. Palibe anayeza, ndipo sindinganame kuti ndikudziwa. Ndikuti wachitatuyu sindimuyesera mwayi.”

“Nanga azungu anuwo akuti tiziombera chiyani? Miyala?”

“Akuti za chitsulo.”

Anaseka kuseka kowawa. “Chitsulo m'paipi yanga iyi? Iphulike indichotse maso? Ndipo amagulitsa sitolo iti pa Chimbiya pano? Iwo agwirizana m'maofesi mwawo, ndiwo za m'nyumba mwanga awerengera?”

Pamenepo ananena zoona. Koma sindinabwerere kudzapambana mtsutso. Ndinati, “Za sitolo sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti pamudzi pano mtovu susungunulidwanso, ndipo bakha wa mfuti salowanso m'mphika wa mwana wanga. Mfuti yanuyo ilibe chilolezo, ine ndakhala chete zaka zonsezi. Ndikamvanso fungo ili, ndikanena ndekha kupolisi.” Ndipo n'zoona, chala ndinaloza. Apa m'pamene anatembenuka. Chikwatire mwana wanga, kanali koyamba kuona maso awo bwinobwino. Anali ofiira ndi utsi, misozi ili chapafupi. Kumpanda kunali kutadzaza mitu ya anthu. Anaimirira, n'kuzimitsa mbaula ndi madzi a m'ndowa, n'kumanga mfuti ndi chiwaya pa njinga. Kwa mayi ako anati, “Mudzi ndi wa amayi ako. Ine ndinali mlendo.” Anapita kwawo, kutsidya kwa dambo.

Mayi ako anadzigwetsa pansi. “Mwandithera banja, amayi! Mumafuna ndikhale ndekha ngati inu!” Mawu amenewo mpaka lero amandibaya. Ndinatenga khasu, n'kumanga nsalu yonyowa kumphuno, n'kuyamba kugumula khitchini ija ndekha, poti panalibe wofuna kuthandiza mayi wamisala. Zibuma, phulusa ndi mabatire ndinakakwirira m'dzenje lakuya kutali ndi chitsime ndi minda. Mtedza wokazinga umene unali m'nyumba ndinataya, nyemba zija ndinataya. Mayi ako ndinamutengera m'nyumba mwanga, mawa lake kuchipatala. Anamwino anati poyezera mtovu m'magazi alibe, koma anamupatsa mankhwala oonjezera magazi, eti kuchepa kwa magazi ndiko kumakulitsa chilakolako cha dothi. Miyezi yotsalayo ndinamulondera ngati wakuba. Akapita kuchimbudzi, pobwera ndinkati, “Yasamula.” Sankandilankhula, ankangoyasamula. A Bonifasi anasiya kubwera kwathu. Ku Mphakati wa tchalitchi chathu amayi ankasuntha ndikakhala pafupi. Ndipo tsiku lililonse ndinkadzifunsa kuti mimba iyi ikapitanso, ndidzauza chiyani anthu, ndidzamuuza chiyani mwana wanga.

Kuntchito ndinauza a Chisale mawu a bambo ako, osachotsa ngakhale limodzi: kuti mgwirizano wa mayikowo ukukamba za zipolopolo za m'sitolo, pamene wa gogodela sitolo yake ndi batire lakufa. Anawatumiza kwa anzawo a msonkhano aja. Zipolopolo za chitsulo ine mpaka lero sindinazionepo pa Chimbiya. Koma a Domingo anandiimbira foni, tinagwirizana chinthu chimodzi chaching'ono: tisiye kulimbana ndi alenje, tizilankhula ndi akazi awo, poti khitchini ndi ya mkazi. Iwo mbali yawo, ine mbali yanga. Pobaya katemera wa nkhuku ndinkanyamula timibulu tija m'kabotolo ndi pepala loyera. Amayi ankalemba okha mzere wakuda uja. Ziwaya zina zinatuluka m'makhitchini, zina zinangosamukira kutchire. Mfuti kudambo zikumvekabe, sindikunamiza. Kale ndinkati mlendo aliyense amabwera kudzatenga. Awa anabwera ndi kalumo kakuthwa, ndivomereze, ngakhale kuti chikwama changa sindinachichotse pamiyendo.

Nditapuma

Unabadwa mwezi wa chisanu, ine nditangopuma kumene pa ntchito. Unali wamng'ono thupi, koma unalira mokweza mpaka anamwino anaseka. Ndinakuwerenga zala, kukuyang'ana m'maso, kukutembenuza uku ndi uku, mpaka mayi ako analankhula nane koyamba mwa mtendere: “Amayi, si mbuzi ya pamsika ameneyu, mubwezereni kuno.”

Bambo ako sanabwere kuchipatala. Koma utatuluka m'chikuta, a Bonifasi anatulukira pabwalo ndi nkhoswe ya kuchimuna, bakha wamoyo ali m'khwapa. Bambo ako anali kumbuyo, ananjuta patali pafupi ndi nkhokwe, atatembenukira kwina monga kale. Nkhosweyo inati, “Akamwini anu akuti bakha uyu ndi wa m'khola, aweta okha, kudambo sanapondeko. Mfuti anaisiya kwa malume awo. Akuti nthutumba ndi ya amayi, ngati amayi alandira.” Pabwalo aliyense ankayang'ana ine. Achimwene anandinong'oneza, “Landira ndi manja awiri, usaonjezere mawu.”

Ndinalandira ndi manja awiri. Kenako ndinalowa m'nyumba n'kutuluka ndi mpeni wanga wa ntchito. Ndinamuzinga bakhayo pomwepo, n'kutulutsa nthutumba, n'kuing'amba onse akuona. A Bonifasi anagwira kumutu. “Mlongo wanga, ngakhale lero?” Ndinakhuthulira za m'katimo pachikhatho, n'kumafufuza ndi chala kamodzikamodzi. Munali mchenga, timiyala toyera ndi gaga. Kamwala kena kotuwa ndinakakhwekhwereza pa mpango wanga woyera. Sikanalembe.

Kunkhokwe kuja bambo ako analankhula, akuyang'anabe kwina. “Mwapezamo chiyani, amayi?”

“Mchenga, bambo.”

“Ndiye ndingalowe ndikaone mwana wanga?”

“Lowani. Koma muyambe mwasamba m'manja.”

Nthutumbayo ndinadya ndekha tsiku limenelo, yonse. Bambo ako mpaka lero tikakumana amapatukira patchire, ndipo maso awo sindinawaonenso. Koma mvula yoyamba ikagwa, abakha akayamba kulira kudambo, ine ndimamanga chitenje n'kuzungulira kuseri kwa nyumba yanu, kununkhiza. Iwo amandiona, amangosuntha mpando kuti ndidutse.